Mayi Mtalika ndi Dimba la Mfumu Ndilipano

Dziko la Tidzaona lili kuseri kwa mapiri, ndipo mukafunsa njira yake anthu amakulozerani mbali zosiyanasiyana, aliyense motsimikiza. Lidapatsidwa dzinali chifukwa ndilo yankho lomwe munthu amalandira akapita ku ofesi iliyonse ya boma kukapempha kanthu. Likulu lake ndi mzinda wa Mwatimva. Pa nthawi ya nkhani ino pampando padali Mfumu Ndilipano Wachinayi, munthu wamfupi wa mawu aakulu, yemwe ankakhulupirira kuti chabwino chilichonse m'dzikomo adachiyambitsa ndi iyeyo, kungoti zina ankachedwa kuuzidwa.

M'boma la Chedwani, kutali ndi likulu, mudali Mayi Velina Mtalika, omwe adagwira ntchito ya unamwino mpaka imvi zidati mbuu. Adali aatali, a mapewa otambalala, ndipo kunong'ona sadakuphunzire. Kusowa kwa mankhwala adakuzolowera monga munthu azolowerera fumbi la chilimwe, koma chomwe chidawakanika kuzolowera ndi mbale za odwala. Lolemba nyemba zofumbwa, Lachiwiri nyemba zofumbwa, ndipo Lamulungu, poti ndi tsiku lopatulika, msuzi wa nyemba zomwezo. Atapuma pantchito adapempha kamalo kuseri kwa nyumba yachisoni, komwe padalibe wina wolimbirana naye, nadzalapo mpiru, repu, bonongwe ndi tomato. Anthu odikirira odwala, omwe ankangokhala pansi pa mtengo kuingitsa ntchentche, adayamba kumawathandiza kuthirira. Ndiwo zikakula zinkapita kukhitchini ya chipatala ulere.

Odikirira odwala aja akabwerera kwawo ankakayambitsa zomwezo, ena pachipatala chaching'ono, ena pasukulu ya ana osaona, ena pamalo olerera ana amasiye. Posakhalitsa m'boma lililonse la Tidzaona mudali dimba lotere, ndipo Mayi Mtalika adangozindikira ali wapampando wa Bungwe la Manja Odzipereka, udindo womwe sadaufunsire.

Kuyendetsa anthu osalipidwa kumafuna munthu wodekha. Mayi Mtalika sadali odekha, koma ankayenda. Ankakwera malole a fodya ndi njinga za kabaza, mbewu zili m'mabotolo akale a mankhwala, kuchoka nthambi iyi kupita nthambi iyo. Ku Mphepozinayi adakaweruza mlandu wa wilibala ya bungwe, yomwe mlembi ankapita nayo kuchigayo n'kumabwereketsanso apongozi ake. Ku Sitinamve adapeza abusa ena akusanjika manja pa mbande m'malo mozithirira. Kulikonse kudali kagulu ka anthu omwe msana unkawagwira nthawi yokumba mabedi n'kuwasiya tsiku lothyola ndiwo. Onsewa ankawakalipira mowatchula maina, pamaso pa anzawo, ndipo chodabwitsa n'chakuti Loweruka lotsatira ankabweranso, ena atatenga ndi anansi awo.

Wachiwiri wawo adali Bambo Yotamu Zingani, omwe kale adali insipekitala wa mabasi ndipo popuma pantchito wenzulo sadaibweze. A Yotamu ankalikonda bungwelo ndi mtima wonse, makamaka mbali yofoletsa anthu pamzere.

Mayi Mtalika adali ndi pofooka pawo. Ankakonda kuyamikiridwa, ngakhale pakamwa ankakana. Ndiponso ankalota mipope, chifukwa chilimwe chikafika amayi a bungwelo ankatunga madzi kutali, ndowa pamutu, mpaka makosi kuuma gwa.

Nkhani ya madimbawa idafika kunyumba yachifumu mwangozi. Loweruka lina mfumu idapita ku Mphepozinayi kukatsegulira mlatho, womwe idautseguliranso chaka chapitacho ngakhale udali usanamangidwe, ndipo idapeza owomba m'manja ndi ochepa moti achule a mumtsinje adawaposa phokoso. Itafunsa komwe kwapita anthu ake, idauzidwa kuti ali kumadimba.

Nduna zonse zidaitanidwa. Mfumu idafuna kudziwa chinthu chimodzi, kuti anthu amenewa amawalipira ndani. Mkulu wa akazitape adayankha kuti wafufuza paliponse, mpaka kunja kwa dziko, ndipo palibe amawalipira. Nduna ya Chitetezo idati zimenezo n'zoopsa kuposa mfuti, chifukwa munthu wolipidwa umadziwa pomugwira, koma wogwira ntchito mwa kufuna kwake mawa adzafunanso china. Idapempha kuti makasu onse aziwerengedwa m'gulu la zida zankhondo. Nduna ya Zamalamulo idati ingathe kupeza lamulo loletsa mpiru ikapatsidwa mpaka madzulo.

Apo padaimirira Wolemekezeka Gwedeza, Nduna ya Ulimi, Mitambo ndi Kuwomba M'manja, munthu woterera ngati sopo, yemwe adatumikira mafumu awiri osachotsedwa chifukwa chodziwa kuseka nthabwala isanathe.

"Mbuye wanga," adatero Gwedeza, "anthu akachuluka chonchi sitiwaimitsa, timangothamangira kutsogolo kwawo n'kumayenda ngati tikuwatsogolera. Komanso ngati ndikukumbukira bwino, bungweli si lija mudalilota muli mwana?"

Mfumu idatseka maso pang'ono, ndipo idakumbukiradi. Idakumbukira ngakhale mtundu wa keni yothirira yomwe idaiona m'malotomo.

Mayi Mtalika adatumiziridwa galimoto yakuda. Adauza anansi kuti iwo zagalimoto alibe nazo ntchito, koma diresi lawo la kutchalitchi adalisita mpaka lidatsala pang'ono kupsa. Kunyumba yachifumu adamwetsedwa tiyi wa mkaka m'kapu yopyapyala, adavekedwa mendulo, ndipo mfumu idawathokoza chifukwa chosamalira bwino maganizo ake nthawi yonse yomwe iyo idali yotanganidwa ndi zina. Mayi Mtalika adatsegula pakamwa kuti akonze mbiriyo, koma Gwedeza adatchula mawu akuti mipope. Mipope ya dimba lililonse, kuyambira ku Chedwani mpaka kumalire. Pakamwa paja padatsekeka. A Yotamu, omwe adawaperekeza, adagwetsa misozi yeniyeni, ndipo pobwerera ankanunkhiza dzanja lomwe adapatsira mfumu moni.

Madzulo ake wailesi ya dziko idalengeza lamulo latsopano. Lidati Mfumu Ndilipano ndiye Mlimi Woyamba ndi Wodzipereka Wamkulu. Lidati bungwe lizitchedwa Manja a Ndilipano. Ndipo lidati poti kudzipereka n'kwabwino, kuyambira tsikulo kudzipereka n'kokakamiza, ndipo aliyense wopezeka asakudzipereka apolisi adzamuthandiza kudzipereka.

Mumsika waukulu wa Mwatimva lamuloli lidalandiridwa bwino. Mayi Edesi Nangozo, ogulitsa kabichi pafupi ndi chipata, adati akuyamika boma, chifukwa kale munthu ankavutika kuganiza yekha ngati akufuna kapena sakufuna, koma tsopano mutu upumula. Wometa tsitsi wa pafupi nawo adafunsa ngati womangidwa chifukwa chosadzipereka amadzipereka yekha kupolisi kapena amadikira kutengedwa. Wogulitsa makala adati iye adadzipereka kale kwa mkazi wake, ndipo sakudziwa ngati chomwe chatsala chingakwanire mfumu.

M'madimba mudadzaza anthu omwe chibadwire sadagwirepo khasu. Nthambi iliyonse idalandira komiti yochokera kulikulu: wapampando, wachiwiri wake, mlembi, msungichuma wosunga chuma chomwe padalibe, ndi mkulu woyambitsa nyimbo. Idafika nsalu ya bungwe yokhala ndi nkhope ya mfumu itagwira khasu mozondotsa. Kuthirira, komwe kunkachitika dzuwa lisanakwere, kudasunthidwa kuti kuzichitika zolankhula zikatha, ndipo zolankhula zinkatha dzuwa lili paliwombo, mbande zitagona kale. Anthu akale a bungwe, aja ankabwera okha, adayamba kugwidwa msana nawonso. Mayi Mtalika adakamupeza mmodzi, mmisiri womanga nyumba yemwe adamanga mpanda wa dimba loyamba ndi njerwa zake, ali khale pakhonde Loweruka m'mawa. Atamukalipira, iye adangoti kale akabwera kudimba ankabwerera kunyumba akumva kukoma, koma masiku ano akabwera wapolisi amamuyamikira, ndipo zimenezo zimamuchotsa chilakolako cha chakudya.

Mayi Mtalika adadzilimbitsa mtima kuti zonsezi zidzaiwalika mipope ikafika. Mipope idafikadi, malole odzaza, koma onse adakhotera kulikulu.

Chifukwa chake chidali mlendo. Mfumukazi Sekanawo ya dziko loyandikana nalo la Zathuzomwe idamva za madimba otchuka a ku Tidzaona ndipo idapempha kudzawaona. Mfumukaziyi inkadziwika kuti imalima yokha, mpaka dothi m'zikhadabo. Ndilipano sadafune kuti mlendo wotere azikazungulira kuseri kwa nyumba zachisoni, choncho adalamula kuti pabwalo la perete, pomwe asilikali akhala akupondapo kuyambira nthawi ya agogo ake, pakhale Dimba la Mfumu, lalikulu kuposa onse a pansi pa thambo.

Odzipereka a m'maboma onse adatutidwa pamalole. Ena adapatsidwa mapiki kuti akumbe bwalolo, lomwe lidali lolimba ngati konkire, moti piki ikamenya inkabwerera kudzafunsa mwini wake chomwe yalakwa. Otsalawo adaperekedwa kwa a Yotamu kuti awaphunzitse gule wothokoza dimbalo. A Yotamu adanenepa masiku amenewo, ndipo wenzulo yawo inkamveka mpaka kumsika.

Mayi Mtalika adapirira kufikira tsiku lomwe adazemba n'kukwera basi ya ku Chedwani. Kuseri kwa nyumba yachisoni adapeza mabedi atang'aluka ndi dzuwa, chitseko cha mpanda chitagwa, mbuzi zitagona pomwe padali nazale. Namwino wina, yemwe adamuphunzitsa ntchito iwo omwe, adawagwira dzanja n'kupita nawo kuwodi ya ana. Idali nthawi ya chakudya chamasana. Adaona zomwe zidali m'mbale. Adaona timiyendo totupa tikulendewera m'mphepete mwa mabedi. Amayi a anawo adawapatsa moni mwaulemu, maso ali pa mendulo ija, yomwe adaiwala kuvula. Palibe adawadzudzula, ndipo zikadakhala bwino wina akadatero. Adatuluka, adavula menduloyo n'kuiponya m'chikwama, nakhala pa chitsa nthawi yaitali atagwira tsaya.

Atabwerera kulikulu adalowa mu ofesi ya Gwedeza osagogoda. Adamuuza kuti abweze anthu kumadimba awo mbewu zisanatheretu, kuti pabwalo la perete sipangamere ngakhale chisoso, ndi kuti mipope yomwe yayalidwa pamenepo siidalumikizidwe ku madzi alionse, imangoyambira pamtunda n'kuthera pamtunda. Nduna idamvetsera mwaulemu, idagwedeza mutu pa mfundo iliyonse, ndipo pomaliza idayankha ndi dzina la dziko. Mayi Mtalika adanena mawu ena omwe alembi a m'maofesi oyandikana adawamva bwinobwino, ndipo amawabwerezabe mpaka lero akamwa pang'ono.

Posakhalitsa bungwe lidachititsa chisankho. Zotsatira zidalengezedwa m'mawa kuti anthu akavote masana mitima ili m'malo. A Yotamu adakhala wapampando. Mayi Mtalika adakwezedwa kukhala Mayi wa Bungwe, udindo womwe uli ndi mpando wa khushoni kutsogolo koma ulibe pakamwa. A Yotamu adabwera kudzawapepesa, chipewa chili m'manja.

"Mayi, musandiyang'ane choncho. Ndikadakana akadaikapo wina woipa kuposa ine."

"Ndiye mwawapeputsira ntchito yofunafuna," adayankha Mayi Mtalika.

Mabedi a Dimba la Mfumu adatha kukumbidwa, koma padalibe wololedwa kufesa mfumu isanaponye mbewu yoyamba. Tsiku la mwambowo linkangosunthidwa. Ulendo wina kudali mphepo, ulendo wina nsapato zake zolimira zochokera kunja zidali zisanafike, ulendo wina idangodzuka isakudzimva ngati mlimi. Pomwe idadzaponya kambewu kaja, ng'oma zikulira, mlendo adali atanyamuka kale kwawo.

Nduna zidakumananso, ulendo uno zikutuluka thukuta. Nduna ya Zomangamanga idati bwalo lipakidwe penti wobiriwira ndipo mlendo aonetsedwe ali patali. Nduna ya Maphunziro idati ana asukulu avekedwe masamba n'kunjuta m'mizere, koma ena adaopa kuti angayetsemule. Nduna ya Chitetezo idati mlendo amangidwe pamalire. Gwedeza adadikira onse athe, ndipo adangofunsa kuti msika amatsegula nthawi yanji.

M'mawa wa tsiku la mwambo asilikali adazungulira msika n'kutenga kabichi yense, osasiya ndi mutu umodzi womwe. Mayi Nangozo adafunsa mkulu wa asilikali chomwe kabichi wawo walakwa, ndipo adauzidwa kuti sanalakwe, wangodzipereka. Iwo adati n'zosangalatsa kuti m'banja mwawo mwapezeka woyamba kukaonana ndi mfumu, napempha kuti akafika kumeneko amuveke nsalu.

Kabichi adakhazikidwa pamabedi m'mizere yowongoka, a Yotamu akuyeza ndi chingwe, ndipo adamukwirira pang'ono kuti pomwe padadutsa mpeni pasaoneke. Kuonera pamipando ya alendo, dimbalo lidali lokongola kuposa lililonse lomwe Mayi Mtalika adalimapo, ndipo zimenezo zidawapweteka kuposa zonse.

Mfumukazi Sekanawo idafika itavala nsapato zafulati ndi chipewa cha mlaza. Gule adavinidwa. Gwedeza adalankhula, natchula mfumu kuti Mvula Yoyamba, Mthunzi wa Mbande, Manyowa a Fuko. Kenako mfumu idaimirira. Idayamba ndi maloto a ubwana wake, idadutsa pa nkhondo za agogo ake, idapatuka pang'ono kukadzudzula aphunzitsi ake a masamu omwe adamwalira kalekale, ndipo pomwe inkafika pa ubwino wa ndiwo zamasamba m'thupi la munthu, dzuwa la chilimwe lidali litagwira ntchito yake. Masamba akunja a kabichi adali lende. Mizere yonse idafota mofanana ndi omvera zolankhulazo, ndipo padayamba kumveka kafungo komwe aliyense wodutsa kuseri kwa msika amakadziwa.

Mfumukazi idapempha kuyenda m'dimbamo. Idawerama, idagwira mutu umodzi kuti ione chomwe chavuta, ndipo mutuwo udangobwera m'manja mwake ngati mpira. Idautembenuza. Kunsi kwake kudali mbee, kodulidwa bwino ndi mpeni wakuthwa. Ng'oma zidasiya zokha.

Gwedeza sadaphethire n'komwe. Adafotokoza kuti mlendo wolemekezeka waona ndi maso ake chinsinsi cha Tidzaona, kabichi wopanda mizu, mtundu watsopano womwe mfumu idautulukira yokha. Safuna madzi, safuna manyowa, salimbana ndi nthaka, ndipo amabadwa wokolola kale. Mfumu idavomereza kuti zidalidi choncho, kungoti idaiwala kulengeza. Nduna zidawomba m'manja.

Mfumukazi idayang'ana mipando ya kutsogolo, ndipo maso ake adaima pa manja a Mayi Mtalika, omwe adali okhakhala okhawo pamzere wonsewo.

"Mayi, inu mukuoneka kuti mumalima. Mtundu umenewu mudaudzalapo?"

A Yotamu adatsokomola. Gwedeza adamwetulira mowachenjeza. Mayi Mtalika adaganiza za mpando wa khushoni, adaganiza za wodi ya ana, naimirira. Mawu awo adamveka mpaka kwa oimba ng'oma.

"Ndidaudziwa kalekale, mfumukazi. Kwathu timaudzala mumphika, n'kuthirira timafuta pang'ono ndi tomato. Amene mwanyamulayo ndi wa Mayi Nangozo a pachipata cha msika, ndazindikira kadulidwe kake. Wokhala ndi mizu tidali naye m'zipatala, koma adauma pomwe tinkaphunzira kuvina."

Wina kumbuyo adaphulika ndi phwete, ndipo kuseka kudayenda mzere ndi mzere mpaka asilikali ena adachita kutembenukira kumpanda mapewa akugwedezeka. Mfumukazi yokha siidaseke. Idathokoza mfumu chifukwa cha tsiku lophunzitsa zambiri, ndipo idapempha mphatso imodzi yokha, kuti ibwereke Wolemekezeka Gwedeza akaphunzitse alimi a ku Zathuzomwe ulimi watsopanowu. Pamaso pa anthu mfumu siikadatha kukana. Akuti atafika kumeneko adapatsidwa munda, khasu ndi mpeni, nauzidwa kuti adzabwerera kwawo akadzakolola koyamba. Unduna wake udaperekedwa kwa mlamu wa mfumu.

Mayi Mtalika adatengedwa asanamalize kukhala pansi. Mlandu wawo udali wonyoza kabichi wa mfumu pamaso pa mlendo, womwe Nduna ya Zamalamulo idaupeza m'malamulo akale a dziko madzulo omwewo, inki isanaume. Umboni udali kabichi yemwe uja. Pofika tsiku la mlandu adali atawola moti woweruza adagamula mwachangu atatseka mphuno ndi mpango, nati akakhale kundende ya Khalanipo, m'boma la kwawo lomwe, kufikira mtima wa mfumu utatsika. Kumsika anthu adati chilungamo chayenda bwino, poti mboni idalankhula yokha popanda woikakamiza. Mayi Nangozo adapita kukhoti kukamuona kabichi wawo komaliza, ndipo pobwera adati ntchito ya boma yamukalambitsa msanga.

Masiku oyamba m'ndende Mayi Mtalika sadalankhule ndi munthu, zomwe zikadadabwitsa aliyense wowadziwa. Ankakhala pakona atayang'ana khoma. Manyazi a yunifolomu ya ukaidi adali ochepa poyerekeza ndi a tiyi wa mkaka uja, ndipo ankangoganiza za madimba onse omwe adawayendera ndi miyendo yawo, omwe tsopano adali ouma okhaokha.

M'mawa wina adatulutsidwa pamodzi ndi akaidi ena kukatchetcha udzu kuseri kwa mpanda, ndipo atangokhota pakona adaima chilili. Kumeneko kudali dambo la dothi lakuda bii, kamtsinje kosaphwa kakudutsa pakati, ndi khola la ng'ombe za ndende lomwe manyowa ake adaunjikana mpaka m'chiuno. Palibe adalimapo, chifukwa pempho la mbewu lidapita kulikulu kalekale ndipo lidayankhidwa monga mwa masiku onse.

Mkulu wa ndendeyo, Bambo Fulukiya, adali munthu wotopa, wongofuna kuti akaidi asamamenyane iye asanapume pantchito. Mayi Mtalika atawapempha malowo, adangofunsa ngati pakhala komiti. Atamva kuti sipakhala, adatsegula sitolo ya makasu.

Mbewu zidabwera ndi odzazonda. Amayi a nthambi zakale ankazimanga m'mfundo za mipango, ndipo mmisiri womanga nyumba uja adabweretsa mbande za tomato m'chipewa. Akaidi, omwe palibe adawauza kuti adzipereke, ankalimbirana makeni chifukwa kudimba kudali kamphepo kabwino kuposa m'zipinda. Padalibe nyimbo, padalibe zolankhula, kupatula za Mayi Mtalika omwe, mawu awo atabwerera. Wakuba njinga wina adapezeka kuti ali ndi dzanja labwino pa nazale, ndipo adakalipiridwa mpaka adasanduka katswiri. Mpiru utakula, lole yomwe inkapita ndi akaidi odwala kuchipatala cha Chedwani idayamba kunyamulanso madengu, ndipo ikamatuluka pachipata Bambo Fulukiya ankapezeka akuyang'ana mitambo.

Kunja nako Manja a Ndilipano adapitirira kukula. Adapeza maofesi, mbendera ndi kwaya, ndipo adapambana mphoto ya bungwe la alimi loyera zovala kuposa onse.

Mtima wa mfumu udatsika pa tsiku lokumbukira kubadwa kwake. A Yotamu adatumidwa ku Khalanipo pa galimoto yakuda, pamodzi ndi akuluakulu awiri a ku unduna, kukanena za chifundocho. Adawapeza Mayi Mtalika ali chosavala nsapato, atanenepako, akumangirira tomato ku timitengo. A Yotamu adaima njo n'kulengeza kuti mfumu mwa ubwino wake yawakhululukira, ndipo mpando wawo wa khushoni ukuwadikira kulikulu. Koma ali mkati molankhula maso awo ankangoyendayenda pa mabedi obiriwirawo, ndipo mawu adawathera panjira. Adafunsa motsitsa ngati ameneyo ndi tomato weniweni, wa mizu.

Mayi Mtalika adayang'ana tomato wawo, yemwe adali akadali wobiriwira, kukula ngati mazira a nkhuku, natembenukira kwa Bambo Fulukiya, omwe adali atatulutsa kale makiyi.

"Bwana, munthu wokhululukidwa angatsaleko mpaka tomato atapsa?"

Bambo Fulukiya adati lamulo sililola, ndende si nyumba ya alendo, ndipo wofuna kugonamo ayenera kukhala ndi mlandu. Adakanda m'mutu, adayang'ananso mitambo, nawonjezera kuti chitsekeredwe chawo lamulo lija la kabichi lidakulitsidwa kuti liteteze ndiwo zonse za mfumu. Monga akumvera iwo, wonyoza anyezi pamaso pa akuluakulu a boma amakhala nyengo yokwanira bwino kukolola tomato, mwinanso kufesa wina.

Mayi Mtalika adapukuta manja pa yunifolomu, adakonza kukhosi, nayang'ana akuluakulu awiri aja kuti atsimikize kuti akumva.

"A Yotamu, musanabwerere tandiuzani. Anyezi wa mfumu ali bwanji chaka chino?"

Bambo Fulukiya adabweza makiyi m'thumba.